Puloti si belo la kaunjika, tisiye kugulitsa malo pa kapepala

Lero tabwera ndi nkhani yoti ena mutikwiyira nayo, koma bola mutikwiyire ndalama zanu zili m'thumba.

Sabata ndi sabata pagulu pano pamabwera uthenga womwewomwewo wakuti puloti ikugulitsidwa mwachangu, mwini wake akufuna mpamba. Wina akangofunsa za mapepala, pamatuluka akatswiri oti musataye ndalama kwa loya, ingolemberanani pa pepala, mboni ziwiri zisaine, amfumu adinde, nkhani yatha. Ife tikuti langizo limeneli ndi loipa, ndipo amene akulifalitsa akukankhira anzathu kudzenje. Ambiri mwa iwo ndi madobadoba omwe amadya yawo tsiku lomwelo n'kuzimitsa foni.

Taganizani mmene timachitira ndi katundu. Tikaoda ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku Lusaka, sitiika mtengo tisanawerengere zapanjira: thiransipoti, msonkho wa pa boda, VAT, wokonza mapepala, onyamula, ngakhale kachakudya ka panjira. Palibe amene amafika pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe n'kudabwa kuti kuli a MRA. Nanga bwanji munthu yemweyo, wochenjera chonchi pa mabelo ndi makatoni, akafika pa malo amaganiza kuti mtengo womwe wagwirizana ndi wogula ndi womwe ulowe wonse m'thumba mwake? Malo nawo ali ndi boda yake. Kusiyana kwake n'kwakuti boda ya malo ukaizembera lero imadzakupeza patapita zaka, ili ndi chiwongoladzanja.

Sitikulankhula zongomva. Ife amene tikulemba pano tinapsa nazo. Katundu wathu atakanirira pa boda chaka china, tinathamangira kudula mbali ya puloti yathu m'tauni n'kugulitsa kwa munthu wa mpingo. Tinayeza ndi chingwe, tinakhoma zikhomo, tinalemba pa pepala la m'kope, ndalama tinalandira. Tinkadziona anzeru chifukwa sitinalipire aliyense. Patapita zaka zitatu wogula uja anafuna ngongole ku banki, ndipo kumeneko anamufunsa pepala la malo m'dzina lake. Apa mpamene zinadziwika kuti gawo lakelo silikupezeka pa mapu, puloti yonse idakali m'dzina lathu, ngongole ya lendi ya malo ndi msonkho wa khonsolo zikuunjikana pa ife, ndipo mpanda wake walowa pamene payenera kudutsa msewu. Tinabwerera panjira kawiri, ulendo wina titafika kale ku Beitbridge. Zomwe tinawononga pokonza zinaposa kutalitali zomwe tinkathawa kulipira, ndipo munthu uja mpaka lero sitipatsana moni bwinobwino. Sanatibere, ifenso sitinamubere. Chinatipweteka ndi changu ndi kapepala.

Funso loyamba lomwe ambiri sitidzifunsa ndi lakuti malo tikugulitsawa ndi amtundu wanji. Pali malo a lizi omwe munthu anapatsidwa ndi Unduna wa za Malo. Pali mapuloti a Malawi Housing Corporation. Pali mapuloti omwe amayang'aniridwa ndi makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Pali malo a freehold. Ndiye pali malo a makolo omwe ali pansi pa mafumu. Aliwonse ali ndi khomo lake lolowera posintha umwini. Pa malo a lizi, inu ndinu wobwereka kwa zaka zolembedwa pa pepalalo, ndipo mwini nthaka ayenera kuvomereza musanapereke malowo kwa wina. Chilolezo chimenechi ndi chomwe ku Lands amati consent. Popanda icho dzina silisintha, kaya mboni zanu zinali khumi.

Malamulo a malo ku Malawi anasinthidwa mu 2016, ndipo anakonzedwanso mu 2022. Amene akukulangizani potengera mmene anagulitsira puloti mu 2010 akukupatsani mapu a msewu womwe unatsekedwa. Zinthu ziwiri za mu 2022 zikutikhudza ife kwambiri. Choyamba, lamulo linaletsa kugulitsa malo a lizi kapena a freehold omwe ali chigonere opanda chitukuko. Ambirife timagula puloti ngati posungira ndalama, n'kuisiya tchire likumera, kudikira tsiku lovuta. Musanalandire ngakhale kakhobidi ka chikole, kafunseni ku Lands ngati puloti yanu ingaloledwe kusintha dzina mmene ililimu. Chachiwiri, lamulo linatseka khomo logulitsa malo kwa munthu yemwe si nzika ya Malawi. Ife tili ndi anzathu apamtima a ku Tanzania, ku Zambia, ku Mozambique, ku Burundi, omwe timadya nawo m'mbale imodzi panjira. Ubale umenewo sungasinthe lamulo. Mukalandira ndalama yake mudzamubwezera, ndipo mudzabweza mutaidya kale. Zomulembera m'dzina la mkazi wa Chimalawi kapena la mnyamata wa m'shopu ndi kutchera msampha womwe udzakole nonse awiri.

Pa malo a makolo mpamene bodza lakula. Kalata ya amfumu ndi umboni woti mukudziwika pamalopo, ndipo ndi yofunika, koma si title deed. Mfumu ndi msungi wa malo a anthu ake. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo omwe wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi, ndipo linatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake n'kulandira satifiketi. Ndiye wina akamati amfumu adinda basi zatha, mufunseni kuti akubanja avomera? Malume akudziwa? Alongo omwe amalima pamenepo afunsidwa? Kwathu kuno, makamaka kumene anthu amatsata mtundu wa kuchikazi, munda womwe mwamuna akulima nthawi zambiri ndi wa mbumba. Mukaugulitsa muli ku Joni, mlandu udzakudikirani pa maliro oyamba omwe mudzapiteko.

Tsopano tibwere pa ndalama, chifukwa apa mpamene timadzinamiza. Mwachizolowezi wogulitsa amasenza zinthu izi. Ngongole yonse ya lendi ya malo kufika tsiku logulitsa. Ngongole yonse ya msonkho wa khonsolo, chifukwa popanda kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole kumeneko mapepala sayenda. Satifiketi ya ku MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, yomwe imafunika posintha umwini wa malo ndi nyumba. Msonkho wa pa phindu, pakuti ku Malawi phindu lomwe mwapeza pogulitsa malo limawerengedwa ngati ndalama yomwe mwapanga, kupatula zochepa monga nyumba yomwe inuyo mumakhalamo. Ya ejenti ngati munamutuma. Ndipo ngati pepala la malo munakapinyolitsa ku banki potenga ngongole ya mpamba, monga timachitira ambirife, pali ntchito yochotsa dzina la banki m'kaundula, yomwe siichitika yokha ngakhale ngongole munamaliza kalekale. Wogula naye mwachizolowezi amasenza stamp duty, ndalama yolembetsera dzina latsopano, yofufuzira m'kaundula, ndi ya loya wokonza mapepala. Tikuti mwachizolowezi chifukwa anthu awiri angagwirizane mwina, koma zomwe mwagwirizanazo zilembedwe, chinthu chilichonse ndi dzina la woti alipire. Mawu oti tidzaona pambuyo ndi omwe amadzaza mabwalo a milandu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvane. Mwagwirizana K10,000,000. M'mutu mwanu mwaoda kale katundu wa K10,000,000. Dobadoba akuti yake ndi 10 peresenti, yapita K1,000,000. Ngongole za lendi ndi za khonsolo za zaka zisanu zomwe simunapondeko, tinene K600,000. Saveya wodzaonetsa mabikoni, tinene K500,000. Maulendo awiri obwerera kudzasaina, pamodzi ndi malonda omwe aima masiku amenewo, tinene K700,000. Tisanakhudze n'komwe msonkho wa pa phindu, mwatsala ndi K7,200,000. Munthu amene anawerengera izi poyamba akanaika mtengo wina, kapena akanaona kuti kugulitsa puloti chifukwa cha vuto la mwezi umodzi n'kuotcha nyumba pofuna kupha khoswe. Nthawi zina kubwereka ku banki m'khonde kapena kuchepetsa oda ulendo umodzi kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kutaya malo pa mtengo wa changu.

Za malisiti nazo tisazipeputse. Phindu limawerengedwa pochotsa zomwe munawononga pa mtengo womwe mwagulitsira. Ngati mulibe pepala losonyeza kuti munagula pa ndalama zingati, mpanda unadya zingati, madzi ndi magetsi munakokera zingati, mudzatsutsa bwanji akakuwerengerani phindu lalikulu? Ife timasunga invoisi ya makatoni a sopo ngati mwana wakhanda, koma risiti ya puloti timaisiya idyedwe ndi chiswe.

Pali chinyengo china chomwe ena amachitcha nzeru. Akuti pa pepala lembani mtengo wochepa kuti msonkho utsike, yotsalayo mupatsane pamanja. Amalonda anzathu, uku n'chimodzimodzi kuchepetsa invoisi pa boda, ndipo tonse tikudziwa mmene zimathera akakutulukira. Boma lili ndi anthu ake owerengera mtengo wa malo, silidalira nambala yanu yokha. Komanso malonda akasokonekera, khoti limayang'ana zomwe zinalembedwa. Wogulitsa amene analemba K4,000,000 pomwe anagwirizana K10,000,000, wogula akakana kupereka yotsalayo, akalira kwa ndani? Wogula nayenso akudzikumbira dzenje, chifukwa tsiku lomwe adzagulitse, phindu lake lidzawerengedwa kuchokera pa nambala yabodza ija.

Nkhani yodula puloti ndi yomwe inatigwetsa ife, ndiye tiimepo pang'ono. Munthu ali ndi malo aakulu, akufuna kudulako kagawo kuti apeze mpamba. Chingwe ndi zikhomo sizipanga puloti. Kugawa malo kumafuna chilolezo cha oona za mapulani, kenaka saveya wovomerezeka ayeze, aike mabikoni, ajambule mapu omwe avomerezedwe ku dipatimenti yoyeza malo, kagawoko kapatsidwe nambala yakeyake. Oona mapulani amayang'ana ngati kagawoko n'kokwanira kumangapo, ngati pali njira yolowera, ngati sikali pa msewu, m'mbali mwa mtsinje kapena pansi pa mawaya a magetsi. Mukagulitsa izi zisanachitike, mwagulitsa chinthu chomwe m'kaundula mulibe. Wogula adzamanga, adzabereka ana pamenepo, koma pamaso pa lamulo malo adakali anu, ngongole zake ndi zanu, ndipo inu mukadzamwalira ana anu ndi ana ake ndi omwe adzakokanekokane.

Pa malo a masiye, dzina la malemu silingasaine. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti pakhale munthu wopatsidwa mphamvu mwalamulo yoyendetsa chumacho, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Kukhala mwana woyamba kapena amene munagula bokosi sikukupatsani mphamvu yogulitsa puloti ya bambo. Ndipo abambo anzathu, puloti yomwe munagula ndi akazi anu, iwo akugulitsa pa msika inu muli panjira, musaigulitse mwakabisira. Mayi akakaika chiletso m'kaundula, malonda aima pomwepo, ndipo wogula adzafuna ndalama yake kwa inu.

Vuto lathu lenileni ndi loti sitikhala pakhomo. Dalaivala ali pa mzere ku Nyamapanda, wogula ali ku Lilongwe akuti ndalama ili m'manja lero lomwe. Ndiye timatuma mlamu kapena mphwathu kuti akasaine. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Siginecha ya mlamu wanu si yanu pokhapokha mutamupatsa mphamvu yolembedwa mwalamulo, yomwe amati power of attorney, yosainidwa pamaso pa munthu wovomerezeka, yotchula puloti yake ndi zomwe akuloledwa kuchita, n'kulembetsedwa ku kaundula. Amene muli ku South Africa, funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg za mmene mungasainire zikalata zotere. Ndipo ngakhale mwatuma munthu, ndalama ilowe mu akaunti ya m'dzina lanu. Mabanja ambiri anasweka chifukwa ndalama ya puloti inagona usiku umodzi m'nyumba ya mbale.

Zolipira pang'onopang'ono nazo tizisamale, ife makamaka amene timaoda ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Amene anagulitsa puloti mu Okutobala 2023 n'kulola kuti theka adzalandire pakatha miyezi isanu ndi umodzi, anadzalandira makwacha omwewo koma katundu wake wochepa kwambiri. Ngati mwalola zapang'onopang'ono, mgwirizano unene masiku enieni olipira, zomwe zichitike wogula akalephera, ndiponso kuti mapepala a malo saperekedwa ndalama isanathe. Apa mpamene loya amagwira ntchito yomwe ife timaiona ngati yopanda pake: amatha kusunga ndalama ya wogula ndi mapepala a wogulitsa mpaka mbali zonse zitakwaniritsa. Wina saopa kuthawitsidwa ndalama, wina saopa kulandidwa malo.

Anzathu a mbali zina musaganize kuti izi ndi za ku Malawi kokha. Ku Zambia, inu a ku Chipata ndi Lusaka mukudziwa kuti malo a lizi sasintha dzina popanda chilolezo cha boma, ndipo wogulitsa amalipira Property Transfer Tax ku ZRA, yomwe inali 5 peresenti koma kuyambira Januwale 2025 ndi 8 peresenti. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amakhala ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo, ndiye wina akakuuzani ku Tete kapena ku Angonia kuti akukugulitsani nthaka, dziwani kuti akugulitsa chomwe si chake. Ku Zimbabwe mgwirizano wogulitsa kagawo ka malo popanda chilolezo chogawira malowo ulibe mphamvu pamaso pa khoti. Ku South Africa malonda a malo ayenera kulembedwa ndi kusainidwa, ndipo dzina silisintha popanda kalata ya khonsolo yoti mulibe ngongole. Maiko onse omwe timadutsamo akunena chinthu chimodzi. Ndi ife tokha amene tikuumirira kuti kapepala n'kokwanira.

Tikudziwa zomwe ena muyankhe, ndipo zina mwa izo ndi zoona. Mukuti njira yalamulo ndi yodula komanso yochedwa, ndipo wa puloti yaing'ono ndi amene imamupweteka kwambiri. Sitikukana. Saveya akalipiritsa K500,000, kwa mwini malo a K50,000,000 imeneyo ndi 1 peresenti, koma kwa mayi wa kapuloti ka K5,000,000 ndi 10 peresenti. Fayilo ya munthu wamba ikagona miyezi, iye akutaya maulendo a geni. N'chifukwa chake anthu amathawira ku kapepala, ndipo amene amayendetsa za malo ayenera kumva zimenezi. Tikufuna mitengo ya chilichonse ipachikidwe pakhoma pomwe aliyense angawerenge. Tikufuna masiku odziwika oti fayilo ituluke. Tikufuna njira yopepuka ndi yotsika mtengo kwa ogulitsa timalo ting'onoting'ono, monga mmene COMESA inatipangira ife amalonda ang'onoang'ono njira yachidule pa boda. Ngati zinatheka pa katundu, zingathekenso pa malo. Mabungwe athu a amalonda azilankhula zimenezi akakumana ndi akuluakulu, asamangothera pa nkhani za pa boda.

Koma kudula kwa njira yalamulo si chifukwa choti tidzibaye tokha. Msonkho wa pa boda nawo umatiwawa, koma amene amadutsa njira zakutchire tikudziwa mmene amalirira tsiku lomwe katundu yense walandidwa. Ndipo tinene mosabisa, mbali ina ya kudulako timaiwonjezera ndife. Timapatsa ndalama munthu woima panja pa ofesi yemwe akuti amadziwana ndi bwana, popanda risiti, kenaka tikulipiranso kachiwiri pa kauntala. Timasiya lendi ya malo zaka zisanu ndi ziwiri, kenaka tikudabwa kuti yakula. Ndalama iliyonse yopanda risiti ya ofesi muziiwerenga ngati mphatso yomwe mwapatsa mlendo.

Ena mukuti munagulitsa pa kapepala zaka khumi zapitazo ndipo palibe chachitika. Tikuthokoza nanu. Koma mlandu wa malo suwola. Umadikira tsiku lomwe wogula afune ngongole, tsiku lomwe agulitse kwa wachitatu, tsiku lomwe msewu udutse n'kubwera nkhani ya chipukuta misozi, kapena tsiku lomwe mmodzi wa inu atsikire kuli chete. Ngati muli ndi malonda otere omwe sanamalizidwe, mufuneni wogulayo mudakali moyo nonse ndiponso mukumvana, mukasinthe dzina. Lero zikhala zotsika mtengo kuposa mawa.

Kwa amene mukuganiza zogulitsa mwezi uno, chitani izi musanaike chithunzi cha puloti pa Facebook kapena pa WhatsApp. Pitani nokha ku ofesi yomwe imayang'anira malo anuwo, mukaone zomwe zalembedwa m'kaundula pa dzina lanu ndi ngongole zomwe zilipo. Funsani ngati malowo angaloledwe kugulitsidwa mmene alili. Khalani pansi ndi akunyumba ndi akubanja. Funsani loya ndi saveya mtengo wawo, aulembe. Ngati mukufuna ejenti, gwirizanani yake polemba, ndipo alandire malonda akatha osati akangobweretsa munthu. Mukawonkhetsa zonsezo, mpamene muike mtengo. Wogula amene akukana kudikira masabata ochepa kuti mapepala akhale bwino, musiyeni apite. Kuthamanga sikufika.

Puloti ija ambirife tinaipeza ndi miyendo yotupa m'basi, kugona pa simenti ku Zobue, kudya buledi ndi madzi kuti mpamba usathe. Musalole kuti ithere m'manja mwa dobadoba ndi m'khoti chifukwa cha changu cha sabata imodzi. Amene muli panjira muyende bwino, ndipo mukafika kunyumba katsegulani kabokosi ka mapepala kaja muone ngati dzina lomwe lili pa malo anu ndi lanudi.